Galimoto Yakuda ya Akamwini

Idafika Loweruka m'mawa, nyengo yachisanu, anthu atangomaliza kukolola. Ine sindidaimve ikubwera, ndipo mtima wanga udayambira pomwepo kuikana. Nyumba yanga ili m'mphepete mwa msewu waukulu pa Nsipe, ndipo khutu langa lidakulira m'magalimoto. Thiraki yolemedwa ndimaidziwa ikadali kutali, minibasi yotha mabuleki ndimaizindikira ndili kubafa. Koma iyi ndidangotembenuka ndi tsache m'manja n'kuipeza yaima kale pabwalo, yakuda bii, yonyata pansi ngati galu wofuna kuluma. Ngakhale nkhuku sizidathawe.

Adayamba kutuluka ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu adandisiyira, dzanja lili m'chiuno, akukoka mimba. Adali woyembekezera mwana woyamba ndipo mwezi wake sudali patali. Mbali inayo kudatuluka amuna ake, akamwini anga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Adapita kukanjuta pansi pa mtengo wa mango, patali ndithu, nkhope atalozetsa kumbali, n'kuwomba m'manja. Inenso ndidagwada pakhonde ndikuyang'ana kukhola la mbuzi. Tidalonjerana choncho.

Ana a masiku ano amaseka zimenezi. Aseke! Ine ndidakulira ku Kandeu, m'manja mwa mayi amene akaona mkamwini akubwera m'njira ankapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo mawu olemera sauzana pamaso, amadzera mwa munthu. Akamwini anga kwawo ndi ku Kasinje, adaleredwa momwemonso, ndipo pa ulemu sindidawapezepo chifukwa. Chikwatirireni mwana wanga, mawu athu onse ankadzera pakamwa pa iyeyo.

Mwana wanga adadzakhala pampasa pafupi nane, akupumira m'mwamba.

"Amayi, akuti galimoto iyi sadagule ayi. Mwini wake, amene amaitanitsa magalimoto kunja, wawabwereka kuti aiyese mpaka Lolemba. Ndiye akuti inu muione, munenepo maganizo anu."

Sikuti ankangondinyengerera. Amuna anga atamwalira adandisiyira pikapu yakale ndi mwana wapasukulu. Ndidaphunzira kuyendetsa ndili mayi wamkulu kale, amuna akundiseka pasiteji, ndipo ndidakoka mbatatesi kuchokera kumapiri kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe mpaka mawondo adayamba kudandaula. Msewu uwu ndimaudziwa dzenje ndi dzenje. Ndimadziwanso zimene umachita ndi anthu. Ndidatolapo nsapato za munthu paphula, mwini wake atamufunditsa kale chitenje.

Ndidamangitsa chitenje m'chiuno n'kuyamba ntchito. Ndisaname, ndinkafuna kuipeza ndi mlandu galimotoyo.

"Uwauze atsegule boneti."

Asa! M'katimo zonse zidali zovundikira ndi pulasitiki, zaukhondo ngati mbale za alendo. Waya osaoneka, lamba wa injini osaoneka, ngakhale kachitsulo koyezera oyilo ndidakafunafuna osakapeza. Yankho lidabwera kudzera mwa mwana wanga: akuti galimotoyo imanena yokha oyilo akachepa. Ndidagwada n'kusuzumira pansi, kufuna kadontho kamodzi kokha koti ndiloze ndi chala. Kudali gwa, kouma. Ndidalowetsa chibakera pansi pa bampala, chidangokwana.

"Uwafunse kuti kwa amayi awo ku Kasinje adzafika bwanji nthawi ya dzinja, galimoto yokhwekhwereza mimba pansi choncho."

Akamwini adalowa m'kati, adadina batani, ndipo chinthu chija chidayamba kudzuka pang'onopang'ono, mbali zonse zinayi, ngati munthu akunyamuka pampasa. Ndidabwerera m'mbuyo, thupi lonse tsembwe.

Ndidapita kumatayala. Adali otambalala, koma opyapyala moti ndidaganiza kuti aphwa. Ndidafunsa za tayala lapadera, akuti palibe, akuti amenewo amayendabe ngakhale abayidwe ndi msomali. Chitseko ukangochikankha pang'ono chinkadzikoka chokha n'kutsekeka mwakachetechete. Mipando idali yachikopa, yonunkhira ngati nsapato za m'sitolo. Nditakhalapo pang'ono ndidamva kutentha kukukwera kumatako, ndidadzidzimuka n'kuganiza kuti ukalamba wandichititsa manyazi pagulu. Mwana wanga adaseka mpaka misozi. Akuti mpandowo umafunditsa munthu nthawi yachisanu. Koma abale, azungu alibe ntchito!

Anthu adali atayamba kusonkhana. Mwini golosale wa pafupi nafe, bambo wachisilamu amene takhala naye moyandikana zaka zambiri, adabwera ndi mzuli wake kumutu, adaizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, osaikhudza. Kenako adaima pafupi nane n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, imeneyi adaipangira misewu ya kwawo, yopanda mbuzi." Adabwerera kugolosale kwake.

Chidatsala ndi kuiyendetsa. Mwini galimoto adali atanena kuti chiwongolero agwire akamwini okha, ndiye ine ndidakhala kumbuyo, kuseri kwa mpando wa mwana wanga. Iye adamanga lamba, adamudutsitsa pansi pa mimba. Akamwini asanalize injini adakweza dzanja n'kupotoza galasi la m'kati kuti maso athu asakumanemo. Ndidaona, ndipo mtima udafewa pang'ono. Munthuyo adali ndi khalidwe, zimenezo sindingawalande.

Tidalowera cha ku Balaka. Pa Nsipe penipeni tidayenda bwinobwino, anthu ogulitsa tomato akutiperekeza ndi maso. Titangotuluka m'nyumba za anthu, akamwini adadina batani lina. Injini, imene idali chete nthawi yonseyi, idabangula pansipansi, mawu omvekera m'mafupa osati m'khutu. Msana wanga udakanikizika kumpando, m'mimba mudatsalira m'mbuyo. Kutsogolo kudali thiraki yaitali. Ndi pikapu yanga, kupitirira thiraki yotero kudali kuyamba ndi pemphero, kusuzumira, kubwerera, kusuzumiranso, kenako kuponda moto mano ali gwa. Apa ndidangophethira, thiraki ija idali kale kumbuyo kwathu, ikuchepa.

Ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa adandifunsa kuti ndiyese, osati nditukwane. Galimoto ija idali yabwino. Pokhota inkagwira phula ngati nkhupakupa pakhutu la galu, osapendekera ngakhale pang'ono. Maenje amene ankandigwedeza impso zaka zonse zija, iyo inkawameza, ife n'kungomva kaphokoso kakutali. Mphepo sinkamveka, palibe chinkagogoda, palibe chinkanjenjemera. Madzi a m'botolo limene lidali pambali panga adangoti phee. Mwana wanga adatulutsa nachesi m'chikwama n'kuyamba kusenda, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

Apo ndi pamene mantha adandigwira. Thupi langa linkandiuza kuti tikuyenda pang'onopang'ono, ngati tili pampando wa pabalaza. Koma mitengo kunjaku inkanena zina. Pikapu yanga ikathamanga inkalira, chiwongolero chinkagwedezeka m'manja, zitseko zinkaimba, galimoto yonse inkakuuza kuti mayi, mufa. Iyi sinkanena kanthu. Ndidasendera pakati pa mipando n'kusuzumira pa nambala yowala kutsogolo kwa chiwongolero. Mayo ine! Idali nambala yoti pikapu yanga sikadaifika ngakhale mukadaigwetsa kuchokera pamwamba pa phiri.

Ndipo msewu wathu si wa magalimoto okha. Muli akabaza atasenza makala otambalala kuposa njinga, muli amayi ndi nkhuni kumutu, muli ana othamangitsa mbuzi, muli oledzera oyenda ngati msewu adagula. Onsewo amayenda ndi khutu. Akamva injini kumbuyo, amapatuka osacheuka n'komwe. Tsiku limenelo ndinkawaona akudzidzimuka titawadutsa kale. Mayi wina adagwira mtolo wake ndi manja awiri, chitenje chikuuluka ndi mphepo yathu.

"Uwauze achepetseko," ndidatero.

Mwana wanga adameza nachesi, adatembenukira kwa amuna ake akumwetulira. "Akuti muchepetseko pang'ono, amayi akuopa."

Ine sindidanene kuti pang'ono. Sindidanenenso kuti ndikuopa. Koma ndi mmene mawu odzera mwa munthu amakhalira, amafika atazizira, atathiridwa shuga. Mwana wanga ankatikonda tonse awiri, ndiye chilichonse chodutsa pakamwa pake ankayamba wachisalaza.

"Uwauze amayi asadandaule," adatero akamwini, mawu ali odekha, aulemu. "Apatu sinayambe n'komwe."

Adachepetsadi. Nambala idatsika. Ndidaiyang'anitsitsa, ndipo ndidaiona ikukweranso yokha, pang'onopang'ono, iwo akufotokozera mkazi wawo za wailesi. Sankachita mwano ayi. Phazi lawo silinkadziwa zimene linkachita.

Masamba ndidayamba kuwaona ndine. Nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu, monga timachitira pakagwa zovuta pamudzi, kuti wa galimoto achepetse, wa njinga atsike, wa chipewa avule.

"Masamba! Uwauze pali maliro!"

Mwana wanga adali ndi chidutswa cha nachesi m'kamwa. Adatembenuka, adati, "Akuti..." Sadamalize. Tidali titaponda kale nthambi zija, masamba akuuluka kumbuyo kwathu. Akamwini adali atawaona, adali atachotsa phazi pamoto, ndipo m'maganizo mwawo adali atachepetsa. Koma ukachepetsa kuchokera kumwamba kotero, umakhalabe ukuuluka. Patsogolo padali kachitunda. Titangokwera, tidawaona.

Anthu adali akuwoloka msewu kupita kumanda. Amayi a mpingo ovala zoyera adali atawoloka kale, khamu lidali kumbuyo, ndipo bokosi lidali pakati penipeni pa phula, pamapewa a anyamata.

Zimene zidachitika sindidaziwone bwino, ndidazimva m'thupi. Lamba adandiluma pachifuwa, mpweya udatuluka wonse. Pansi pa galimoto padagunda mwachangu, gu gu gu gu. Botolo lija lidauluka, makoko a nachesi adamwazika pagalasi. Ndidamva mwana wanga akuti, "Hii!" kamodzi kokha. Kenako zonse zidaima.

Nditakweza mutu, bokosi lidali kutsogolo kwenikweni kwa boneti yathu, pafupi moti ndinkaona mitu ya misomali. Mnyamata mmodzi wa onyamula adagwa ndi bondo limodzi, bokosi lidapendekeka, anzake adaligwira lisanafike pansi. Nyimbo idaduka pakati. Kudangoti zii.

Ndidasuzumira kutsogolo. Mwana wanga adali atagwira mimba ndi manja onse awiri, kukamwa kuli yasa. Ndipo m'chete mmenemo ndidamva akamwini akupuma mwamphamvu, kenako akunena kwa mkazi wawo, mawu akunjenjemera koma muli chimwemwe m'kati, "Waona mabuleki amenewo? Ikadakhala ina tikadapha anthu."

Mawu amenewo adandiopsa kuposa bokosi lija. Ndidadziwa pomwepo kuti galimoto yagulidwa. Ine ndidaona imfa itatiphonya. Iwo adaona galimoto yoti sigunda.

Khamu lidatizungulira. Anyamata ochokera kokumba manda adabwera akuthamanga, makasu ndi mafosholo zili m'manja. Wina adamenya boneti ndi chikhatho. Wina adali atatola kale mwala. Ndidamva mawu kumbuyo akuti, "Iwotchedwe!" ndipo ndikudziwa kuti pamsewu uwu mawu amenewo sanenedwa mocheza. Ndidatsegula chitseko, ndidagwada paphula pomwepo, ndidayamba kuwomba m'manja.

"Pepani, eni maliro. Talakwa. Palibe chonena, talakwa. Koma muli munthu wodwala m'galimotomu, onani nokha."

Amayi ena adasuzumira pazenera, adaona mimba ija, adayamba kukankha anyamata kuti abwerere. Mmodzi adamasula chitenje chake chapamwamba n'kuchiyala pagalasi lakutsogolo kuti woyembekezera asayang'anizane ndi bokosi. Adachita mwachifundo, koma ine nditaona galimoto yofunditsidwa chitenje, mwana wanga ali m'kati, ndidafuna kukuwa.

Bambo wina wachikulire, wa jekete lakuda, adandiyang'anitsitsa. "Kodi si amayi a mbatatesi a pa Nsipe inu?" Ndidavomera. Adapukusa mutu. "Inu mumadziwa msewu, mayi. Masamba aja sitiyalira mbuzi." Akamwini nawo adali atatuluka, adanjuta, adapepesa ndi mawu onse amene munthu woleredwa amawadziwa. Bambo uja adakweza dzanja, bokosi lidawoloka, nyimbo idayambanso motsika. Sindidafunse kuti malemuyo adafa ndi chiyani. Ndinkaopa yankho.

Tidabwerera kunyumba ngati tanyamula mazira. Titafika, mwana wanga adakhala pampasa, dzanja likuyenda pamimba. Kenako adandiyang'ana.

"Amayi, sakugunda."

Ndidaika dzanja langa. Ndidadikira. Ndidamupatsa madzi ozizira, ndidadikiranso. Palibe. Pamene lamba adadutsa padali mzere wofiira psuu. Akamwini adathamangira kukatsegula chitseko cha galimoto, koma ine ndidali nditafika kale kugolosale. Bambo wa mzuli uja sadafunse zambiri, adatseka sitolo, adatitengera kuchipatala pa kagalimoto kake kotengera katundu, kolira ngati chigayo. Akamwini adatitsatira m'mbuyo okhaokha. Njira yonse ndinkalankhula ndi mwana wosabadwayo ngati wamisala, ndikumuuza kuti iwe, usandichite zimenezo, ndakudikira nthawi yaitali.

Namwino adamugoneka, adaika kachipangizo pamimba, adasuntha, adasunthanso. Ine ndidaima pakhomo ndikuluma chitenje. Kenako kadamveka, kamtima kothamanga ngati ka mwanapiye. Ndidakhala pansi pasimenti pomwepo.

Mawa lake, Lamulungu titaweruka kutchalitchi, akamwini adakanjutanso pansi pa mango paja. Mwana wanga adabwera pakhonde, akuyang'ana pansi.

"Amayi, akuti tinyamuke kusanade. Ndiye akuti... maganizo anu pa galimoto ija ndi otani?"

Ha! Mutu udandiyaka. Ndidadziwa kuti ndikawapatsira mawu mwa mwana wanga, akafika ali phala. Akuluakulu adati manyazi adapha lambe. Ndidanyamuka, ndidatsika pakhonde, ndidayenda bwalo lonse mpaka pansi pa mango, ndidaima patsogolo pawo. Kadali koyamba kuwaona nkhope pafupi chotero. Ndidadabwa kuona kuti ali ndi kachipsera pansidze.

"Bambo, ndikulankhula ndi inu, osati ndi mtengowu. Galimoto ilibe vuto. Ndafufuza, ndasowa. Koma mwana wanga sakweramo. Atsala kuno mpaka achire. Mukafuna kufa, mufe nokha."

"Amayi!" adakuwa mwana wanga.

Akamwini adatembenuza nkhope ngati ndavula pamaso pawo. Adawomba m'manja kamodzi, adanyamuka, adatsitsa chikwama cha mkazi wawo n'kuchiika pakhonde bwinobwino. Galimoto idachoka mmene idabwerera, osamveka. Lolemba adagula.

Mwana wanga adatha masiku osandilankhula. Atayamba kulankhula, mawu oyamba adali akuti, "Mwawachititsa manyazi, anthu akuona." Ndidamuyankha kuti manyazi amapola, manda sapola. Koma ndikakhala ndekha zinkandiwawa. Ndidathyola chinthu chimene mayi anga adachisunga moyo wawo wonse, ndipo anthu a pa Nsipe adachitafuna mpaka chidatha kukoma.

Mwana adabadwa bwinobwino, wamkazi, watsitsi lambiri. Bambo ake adabwera kudzamuona, ine ndidapeza chochita kudimba. Mwanayo adatuluka m'chikuta, mchombo udapola, masaya adayamba kudzaza. Ndinkadziwa kuti tsiku likubwera, ndipo ndinkalikankha ndi zifukwa: mwana ali ndi chimfine, kukuzizira, mayi ake sadalimbe. Koma mkazi wa mwini sungamusunge mpaka kalekale. Tsiku lina m'mawa ndidatuluka ndi thewera m'manja n'kuipeza yaima pabwalo, yakuda bii.

Akamwini adali pansi pa mango. Mwana wanga adapita, adalankhulana motsitsa, adabwerera atafumbata kanthu. Adagwada n'kuika kiyi pampasa patsogolo panga.

"Akuti, poti dzanja lawo simulikhulupirira, muyendetse ndinu mpaka ku Lilongwe. Mudzabwerera pa basi."

Mpaka lero sindidziwa ngati kudali kudzichepetsa kapena kundiyesa. Mwina zonse ziwiri. Koma ndidayang'ana khanda lija, ndidayang'ana manja angawa amene adayenda msewu umenewu zaka zonse osagunda ngakhale nkhuku, ndipo ndidatola kiyi.

Mwana wanga adakhala kutsogolo pambali panga. Akamwini adakhala kumbuyo, kuseri kwa mkazi wawo, pamalo pomwe ndidakhala ine tsiku lija, pafupi ndi kampando ka khanda kamene adakamangirira ndi malamba. Ndidakweza dzanja n'kupotoza galasi. Zimene zidathyoka zidathyoka, koma ulemu wotsalawo tidausunga.

Ndidanyamuka ngati kamba. Phazi lamanzere linkangofunafuna kilatchi pomwe palibe. Pa Nsipe wakabaza wina adatsala pang'ono kutipitirira. Paboma maminibasi adandiimbira mahutala, kondakitala wina adatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Agogo, mwabwereka?" Ndidamusiya. Ndinkayang'ana nambala ija kawirikawiri kuposa msewu, ndipo ndinkanyada mumtima kuti lero mnyamata uyu aphunzira kuyendetsa.

Titapitirira boma msewu umayamba kukwera, kulowera ku Lizulu. Zitunda zimenezo ndimazidziwa ngati mabala a m'thupi langa. Pikapu yanga inkafika pamenepo ikulira m'giya yoyamba, madzi akuwira, ine ndikutsika kukaika miyala kumatayala, magalimoto a anthu akundidutsa, ena akuloza. Tsiku limenelo kutsogolo kwathu kudali thiraki ikukwawa, ikutifukizira utsi wakuda. Ndidati khanda lisapume zimenezi. Ndidasuzumira, kudali koyera. Ndidangokhudza ndi chala cha phazi.

Iii! Thiraki idatsala ngati yaima. Chitunda chija, chimene chidandidyera mphamvu zaka zonse zija, chidangosungunuka pansi pa matayala. Ndisabise, zidandikoma. Chiwongolero chinkamva ndisanachiuze. Ndikangoganiza zokhota, galimoto idali itakhota kale. Dzuwa lidali lowala, msewu udali see, minda ya ku Mozambique ili kumanzere kwathu, mpando ukundifunditsa msana umene umandipweteka chaka chonse. Ndidayamba kufotokozera mwana wanga za tsiku lina pamene thumba la mbatatesi lidaphulika pamalo omwewo, ine ndikuthamangitsa mbatatesi kutsetsereka ndi chitenje m'manja. Iye ankaseka, inenso ndinkaseka. Ndidapitirira minibasi, kenako ina. Sindikumbukira kuti ndidasiya liti kuyang'ana nambala.

Ndiye kumbuyo kudamveka mawu, otsika, aulemu, onjenjemera.

"Uwauze amayi achepetseko."

Mwana wanga sadabwereze. Adasuzumira kutsogolo kwa chiwongolero, kuseka kudazima pankhope pake. Inenso ndidatsitsa maso. Nambala idali yomwe ija, ya tsiku la maliro.

Nditakweza maso, patsogolo padali kamtsikana kakukusa mbuzi m'mphepete mwa msewu, katatipatsa msana, phazi limodzi lili paphula. Sikadatimve. Ndidaponda mabuleki pang'onopang'ono, ndikuopa kugwedeza khanda, ndipo tidakadutsa mbuzi imodzi ikununkhiza mzere wa pakati. Kadacheuka titapita kale.

Ndidapatukira kumbali n'kuima. Thukuta lidali kamukamu, chisanu chonsecho. Nditatha kutembenuka, ndidaona akamwini atatambasula mkono pamwamba pa kampando kaja, atatchinga mwana wawo, maso ali pansi kuti asakumane ndi anga. Kaya adakhala choncho nthawi yaitali bwanji, akuona nambala ikukwera, akulimbana ndi pakamwa pawo, sindikudziwa. Ine ndiye ndikudziwa mmene mpando umenewo umawawira. Khanda lidali m'tulo, timanja titafumbata.

Thiraki ija idatipeza, idatidutsa ikubuula, utsi udatikuta.

"Uwauze bambo a mwanayu," ndidatero, "kuti tsopano ndaiyesa. Sindidagwirepo galimoto yabwino chotere chibadwire. Uwauze aigulitse."

Nthawi imeneyi mwana wanga sadathire shuga. Adabwereza mawu anga onse monga ndidawanenera. Kumbuyo kudamveka kuwomba m'manja, pang'onopang'ono.

"Uwauze amayi ndamva."

Tidafika ku Lilongwe dzuwa litapendeka, mwana wanga akundiwerengera nambala mokweza njira yonse ngati ndili pasukulu yoyendetsa. Ndidagona tsiku limodzi, ndidabwerera pa basi yogwedera, yolira, yonunkha dizilo, ndipo ndidaikonda ngati m'bale wanga.

Koma "ndamva" ya mkamwini ndi ulemu chabe. Galimoto ikadalipo. Akuti amayendetsa bwino masiku ano, ndipo ndikukhulupirira kuti amayesetsa. Inenso ndinkayesetsa. Ndikakwera minibasi n'kuona masamba pamsewu, ndimapezeka ndatulutsa kale foni ndisanafunse n'komwe kuti zovuta zagwa kwa yani.

Mdzukulu wanga wayamba kuyenda tsopano. Mayi ake amandiuza akuseka kuti akangoona bambo ake atola kiyi, amathamangira kuchitseko, tinsapato tili m'manja.